Kuika ma alamu m'nyumba kuno ku Lilongwe: phindu likuthera m'maulendo obwerera

Magetsi_25
Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Funso langa likupita kwa amene muli pa ntchito yoika ma alamu m'nyumba za anthu. Ntchito ikupezeka ndithu, makamaka kumene anthu akumanga kwambiri monga ku Area 49, Airwing ndi 6 Miles. Koma pakangotha miyezi itatu kapena inayi foni imayamba kuitana: kiyipadi (kabokosi ka manambala koyatsira ndi kuzimitsira alamu) ikulira usiku wonse, batire latha, sayirini yalira popanda wakuba. Kasitomala amafuna mubwere lero lomwe, ndiponso mwaulere. Kodi pa koteshoni mumalembapo chiyani kuti maulendo amenewa asamadye mpamba? Nanga batire la alamu la 7Ah lija (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga) likukwanabe ndi mmene magetsi akuthimiramu?

MdalaWaMawaya
Achimwene, tiyambe ndi batire chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Musamangoyerekeza, werengani. Tengani nyumba ya zipinda zogona zitatu. Panelo (bokosi limene limayendetsa alamu yonse) yokha imakoka pafupifupi 100mA. Kiyipadi imodzi 60 mpaka 100mA kutengera mtundu. Masensa a PIR (ozindikira munthu akamayenda) 6, iliyonse 15mA, ndiye 90mA. Kachipangizo ka GSM (kotumiza uthenga pa foni) tiyike 100mA. Mukawonjezera ma beam awiri panja (masensa ozindikira munthu akadula mzere wa kuwala kosaoneka) ndi 100mA inanso. Zonse pamodzi zikufika cha m'ma 450 mpaka 500mA. Batire la 7Ah simungalikame lonse, gawo limene mungagwiritse ntchito osaliwononga ndi la 5Ah basi. 5Ah kugawa ndi 0.5A (500mA ija), mwapeza maola 10. Apotu ndi batire latsopano, ndipo sayirini sinalire n'kamodzi komwe.

Koma vuto lalikulu lili pobwezera moto. Chaja ya m'kati mwa mapanelo ambiri imapereka 350mA, ena amalola kuikweza kufika 700mA. Kubwezera 5Ah pa 350mA ndi maola opitirira 14. Ndiye magetsi akathima maola 8, kuyaka maola 6, kuthimanso, batire silidzadza. Tsiku lililonse likuyambira pansi kuposa dzulo. Likatsika kupitirira 10.5V kangapo, m'kati mwake mwawonongeka, ndipo ngakhale mita ikuonetseni 13V, mukangolipatsa katundu limagwa nthawi yomweyo. Kasitomala amati munamugulitsa batire la feki, chonsecho lafa ndi njala.

Kanengo_Tech
Zoona zimenezo. Ndipo onjezani kutentha. Ambiri amabisa panelo mu siling'i, pansi pa malata. Mu Okutobala mmenemo mumatentha koopsa. Batire la mtovu, monga la 7Ah lija, limafuna madigiri 20 mpaka 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umadulidwa pakati. Ikani panelo mu wadiropu ya kuchipinda chachikulu kapena mu sitolo ya m'kati yokhala ndi loko, ndipo chipindacho chikhale ndi PIR yakeyake.

Magetsi_25
Ndiye yankho ndi kungoika batire lalikulu, monga la 18Ah, pa panelo pomwepo?

MdalaWaMawaya
Ayi. Chaja imene ikulephera kudzadza 7Ah singadzadze 18Ah. Gawani katundu. Panelo ndi kiyipadi zikhale pa 7Ah yake. Ma beam, GSM ndi masensa akunja apite pa power supply ina ya 3A kapena 5A yokhala ndi batire lake la 18Ah. Lumikizani negative ya power supply ndi negative ya panelo, koma positive musaziphatikize. Mukatero panelo imatsala ndi katundu wa 250 mpaka 290mA, ndipo ikhoza kupirira maola 17 mpaka 20.

Mayi_Solar47
Ine ndikusiyana nanu pang'ono, a Mdala. Masiku ano m'malo mowunjika mabatire a mtovu, ikani la lithium, la mtundu wa LiFePO4, la 12.8V. Limalowa m'bokosi lomwelo, limalola kutsitsidwa kwambiri osawonongeka, ndipo limakhala zaka zingapo pamene la mtovu mukusintha chaka ndi chaka. Pogula ndi lodula, koma werengerani mafuta a maulendo amene mwapewa. Komanso nyumba zambiri ku Area 47, Area 43 ndi Area 10 zili kale ndi inveta. Funsani mwini nyumba akuonetseni soketi imene ili pa mzere wa inveta, thiransifoma ya alamu mulumikize pamenepo. Vuto latha theka popanda kugula kanthu.

Chitedze12V
Mayi, za lithium zo zili ndi mbali ina imene ogulitsa sanena. Choyamba, moto wake umakhala pa 13V mpaka kumapeto kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi, ndiye panelo imachedwa kuchenjeza kuti batire latsika. Mwini nyumba amalandira uthenga patangotsala mphindi zochepa. Chachiwiri, BMS (kachipangizo koteteza batire) ya m'kati ikadula, mapanelo ena saliwonanso batirelo magetsi akabwera, amangoti palibe batire, mpaka munthu akalidzutse ndi chaja ina. Yesani pa tebulo musanakaike kwa kasitomala: litsitseni mpaka lidule, bwezani magetsi, onani ngati layambanso kulandira moto lokha. Chachitatu, chaja ija ikadali ya 350mA. Lithium sisintha masamu a a Mdala aja.

Mayi_Solar47
Masamu sasintha, ndikuvomera, koma lithium silifa chifukwa chokhala losadzadza. La mtovu limafa. Kusiyana kwake ndi kumeneko. Za kuyesa pa tebulo ndagwirizana nazo.

Kanengo_Tech
Pa inveta paja chenjerani. Ngati ndi zotchipa zija za modified sine wave, thiransifoma ya 16V imatentha ndi kung'ung'udza, mapeto ake imapsa. Ikhudzeni pakatha ola limodzi. Ngati simungaigwire ndi dzanja, ichotseni pamenepo.

DiriloNdiMakwerero
Nonse mwakakamira batire, koma maulendo ambiri obwerera amabwera ndi alamu yolira pachabe. Ndipo imeneyi ndi yoopsa kuposa batire lakufa, chifukwa ikalira kasanu popanda chifukwa, mwini nyumba amasiya kuiyatsa, oyandikana nawo amasiya kudzuka, ndipo dzina lanu laipa dera lonselo.

Zoyambitsa n'zodziwika. PIR ikhale pa mita 2.1 mpaka 2.4 kuchokera pansi, pakona, ikuyang'ana m'kati mwa chipinda. Isayang'ane zenera limene dzuwa la m'mawa kapena la madzulo limalowera, isayang'ane mbaula kapena kuseri kwa firiji, ndipo isakhale pafupi ndi katani imene imagwedezeka ndi mphepo ya pa louvre. Bowo limene waya walowera kuseri kwa sensa mulitseke ndi silicone. Mukalisiya, nyerere ndi akangaude amamanga m'katimo, komanso mphepo yotentha ya mu siling'i imatsikira pabowopo n'kuwomba pa diso la sensa. Nalimata akayenda pa lenzi, sensa imamuona ngati chimunthu chachikulu chifukwa ali pafupi kwambiri. Mankhwala a tizilombo poperani pakhoma mozungulira, osati pa lenzi. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimadzadza pamene pali nyale, ndiye sensa yakunja kapena beam isakhale pansi pa babu la pakhonde.

Pazitseko, maginito ambiri ozindikira kuti chitseko chatsegulidwa amavuta chifukwa cha mafelemu achitsulo amene amawotcherera kuno. Chitsulo chimamwa mphamvu ya maginito, mpata umene ukanagwira pa thabwa sugwiranso. Ikani kapulasitiki pansi pake kuti maginito atalikirane ndi chitsulo, kapena gulani a heavy duty. Zitseko za matabwa osauma zimafufuma m'dzinja n'kufota m'chilimwe, mpata umasintha wokha. Siyani mpata wosapitirira mamilimita 5 mpaka 6 poika kuti chitseko chikasuntha pang'ono zoni (gawo la alamu limene chitsekocho chilipo) isatseguke.

Likuni_Sparks
Onjezanipo resistor, imene panelo imadziwira ngati waya wa zoni uli bwino. Anyamata ambiri amaimanga pa panelo penipeni kuti ntchito ithe msanga. Ikakhala pamenepo, munthu akaphatikiza mawaya awiri pakati pa njira, kapena khoswe akawatafuna n'kugundana, panelo imangoona ngati zonse zili bwino. Resistor ikhale m'kati mwa sensa, kumapeto kwa waya. Ndipo musasakanize: panelo ya IDS imafuna resistor ya 3k3, ya Paradox 1k, ya DSC 5k6. Muziyenda nazo m'timapaketi tolembedwa.

KamwanaKaKawale
Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kumene, ndinaphunzira za magetsi a m'nyumba. Waya wa alamu ndi uti weniweni? Kumashopu a ku Old Town ndikuona mitengo yosiyana kwambiri pa roll yooneka chimodzimodzi.

Likuni_Sparks
Mphwanga, kusiyana kwake kuli m'kati. Wina ndi kopa weniweni, wina ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa, amalemba CCA. Pala kawaya kamodzi ndi mpeni: kakayera m'kati ndi CCA. Kapena kayatse ndi laitala, CCA imapindika n'kugwa, kopa imangofiira. CCA imathyoka pa screw, imachita dzimbiri pamene pali chinyezi, ndipo pa mtunda wautali moto umafika wochepa. Pa maginito a chitseko 4-core (waya wa timawaya tinayi) yakwana. Pa PIR gwiritsani 6-core: awiri a moto, awiri a zoni, awiri a tamper (ochenjeza munthu akatsegula sensa). Pa kiyipadi ndi sayirini 8-core kuti mutsale ndi apadera, ndipo pa sayirini phatikizani awiriawiri chifukwa imakoka moto wambiri ikamalira. Yezani moto pa sensa yakutali kwambiri magetsi a ESCOM atazimitsidwa, isatsike pansi pa 11.5V. Musadutsitse waya wa alamu mu paipi imodzi ndi wa 230V. Atalikirane masentimita 30, ndipo ngati akumana, adutsane mopingasa. Mu siling'i musangowaponya, makoswe alimo. Alowe mu conduit kapena muwakhomere m'mwamba pa mitanda. Polumikiza paliponse wotcherani ndi soda, kupota ndi tepi kumagwira miyezi yochepa chabe.

Nalimata_LL
Zonsezi ndi chifukwa chake ine ndimati pitani pa wireless. Ajax kapena Hikvision AX Pro, nyumba yonse yatha tsiku limodzi, opanda kukwera mu siling'i, opanda kuboola makoma a eni ake. Kasitomala amaona zonse pa foni.

MdalaWaMawaya
Tsiku limodzi inde, koma mtengo wa zipangizo ndi wotani? Ndipo mabatire a CR123A a m'masensa akatha onse nthawi imodzi, amagula ndani?

Nalimata_LL
Amakhala zaka, bambo. Ndipo taganizani za munthu wa lendi. Landilodi salola kuboola, ndipo munthuyo akamasamuka ku Area 18 kupita ku Area 25 amanyamula alamu yake. Kumasula ndi kukaikanso ndi ntchito ina yolipidwa. Wa waya angapange zimenezo?

Kanengo_Tech
Nonse mukunena zoona, zimatengera nyumba. Nyumba ikadali pa njerwa, asanapake pulasitala, waya ndi wotchipa ndipo ndi wokhalitsa. Gwirizanani ndi wa magetsi wa pamalopo akuikireni mapaipi a 20mm opita pakona iliyonse, pa zitseko, pa geti ndi pamene padzakhale kiyipadi. Nyumba yomalizidwa kale, ya siling'i ya rhinoboard kapena ya silabu, kapena ya lendi, pitani pa wireless. Koma yezani mphamvu ya siginolo pa sensa iliyonse musanaikhomere, chifukwa makoma a njerwa zootcha, mabagalabazi ndi malata zimadula siginolo kuposa zimene zalembedwa pa bokosi. Bwaizi kota ya kuseri nthawi zambiri imafuna repeater yowonjezera siginolo. Ndipo zinthu zosadziwika dzina za 433MHz zokhala ndi khodi yosasintha zisiyeni, rimoti yake imakopedwa mosavuta.

Mlimi_wa_Mpingu
Ine ndingolowererapo. Alamu ikalira ndani amabwera? Agalu awiri abwino ndi mlonda zimaposa zonsezi.

DiriloNdiMakwerero
Agalu amapatsidwa nyama ya poizoni, achimwene, ndipo mlonda ndi munthu, amagona. Komabe funso lanu ndi lofunika. Alamu imene palibe woiyankha ndi phokoso chabe. Musanaike, funsani kasitomala: ikalira 2 koloko usiku, uthenga upite kwa ndani? Ngati ali ndi kampani ya chitetezo yothamangira, mugwirizane nawo za wailesi kapena GSM yawo, ndipo muyese nawo limodzi mpaka a ku control room atsimikize kuti zoni iliyonse yafika ndi dzina lake. Ngati alibe, ikani manambala atatu: mwini nyumba, woyandikana naye, ndi wapampando wa nebahudi wa deralo. Nambala ya apolisi ya 997 ndi ya polisi yapafupi zilembedwe pafupi ndi kiyipadi.

Mlimi_wa_Mpingu
Nebahudi yake iti? Anthu safuna kusonkha mwezi ukatha, anyamata amalondera miyezi iwiri n'kusiya.

Mayi_Solar47
Zimayenda pamene ndalama ikusonkhedwa pa Mpamba kapena Airtel Money ndipo ndandanda ikuikidwa poyera pa gulu la WhatsApp. Koma imeneyo ndi nkhani ina. Pa agalu paja, kwa oika alamu nkhani ndi yakuti afunse ngati pali agalu kapena amphaka asanasankhe sensa. Ma beam a pabwalo akwere kupitirira msana wa galu koma asakwere mpaka munthu n'kukwawa pansi pake, ndiye ndi bwino kuika a mizere iwiri kapena inayi amene amalira pokhapokha mizere yonse yadulidwa pamodzi. Uzani mwini nyumba za maluwa ndi nthambi za mango. Mumaika mu Ogasiti pali mbee, pofika Januwale zamera zatseka njira ya beam.

Magetsi_25
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. Koma funso la ndalama lija silinayankhidwe. Koteshoni imalembedwa bwanji?

MlembiWaMabuku
Ndiyankhe ine, chifukwa ambiri mumadziwa mawaya koma mumagwa pa pepala.

Musapereke mtengo pa foni. Pitani kaoneni nyumba, jambulani pulani yake ngakhale ndi pensulo, lembani khomo lililonse, zenera lopanda mabagalabazi, ndi pamene pali chitseko cha mu siling'i. Ulendo umenewu muzilipiritsa kandalama kochepa kamene mudzakachotse pa bilu akakupatsani ntchito. Apo ayi anthu amatenga pulani yanu n'kukapatsa wotchipa.

Pa koteshoni zipangizo zikhale pazokha, ntchito ya manja payokha, mayendedwe paokha. Tinthu ting'onoting'ono monga conduit, trunking, ma plug a pakhoma, silicone, soda ndi misomali ya mawaya timaiwalika, koma tikaphatikizana ndi ndalama yambiri. Waya muonjezere gawo limodzi pa magawo asanu pamwamba pa zimene mwayeza.

Lembani kuti mtengo ukugwira ntchito masiku 7 okha. Zipangizo zonsezi ndi zochokera kunja, ku Johannesburg kapena ku China, ndipo mtengo wake umatsatira dola. Tonse tikukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali atalandira dipoziti yochepa asanagule katundu anamaliza ntchito ndi ndalama za m'thumba mwawo. Choncho dipoziti ikwanire zipangizo zonse, nthawi zambiri ndi 70 peresenti, ndipo mukailandira gulani tsiku lomwelo. Yotsalayo ilipidwe tsiku lopereka ntchito, asanasaine pepala.

Tsopano pa maulendo obwerera. Lembani momveka kuti ntchito ya manja anu ili ndi chitsimikizo cha miyezi 6 kapena 12, mmene mwasankhira. Zipangizo zili ndi chitsimikizo cha amene anakugulitsani. Batire lili ndi chake chachifupi. Mphenzi, kukwera kwadzidzidzi kwa magetsi, madzi, makoswe, ndi munthu wina kugwira panelo sizili m'chitsimikizo. Ulendo uliwonse wa zinthu zimenezi uli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ulembedwe pa koteshoni pomwepo kuti pasadzakhale kukangana. Kenako perekani mgwirizano wa chaka: kuyendera kawiri, kamodzi mu Okutobala mvula isanayambe, kachiwiri mu Epulo kapena Meyi itatha. Mumayeza batire lili ndi katundu, kupukuta malenzi, kuwongola ma beam, kuyesa zoni iliyonse ndi kuona ngati uthenga ukufika. Makasitomala 30 a mgwirizano wotere ndi ndalama yodziwika ngakhale mwezi umene simunaike alamu yatsopano, ndipo mukhoza kuwayendera dera ndi dera tsiku limodzi m'malo mothamanga Area 49 m'mawa, Likuni masana.

Chitedze12V
Mgwirizano wa chaka ndi wabwino papepala. Makasitomala athuwa amakana, amati chinthu chikugwira ntchito ndilipirirenji.

MlembiWaMabuku
Amakana mukawauza pakatha chaka. Phatikizani chaka choyamba mu mtengo woikira, achione ngati mbali ya ntchito. Akaona mwabwera nokha osaitanidwa, mwawaonetsa pa mita kuti batire latsala pang'ono kufa, chaka chachiwiri ambiri savuta.

KamwanaKaKawale
Nanga za mapepala a boma? Ndiyambire pati?

MlembiWaMabuku
Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani TPIN ku MRA, tsegulani akaunti ya kubanki ya dzina la bizinesi. Popanda zimenezi mabungwe ndi makampani sangakupatseni ntchito, mudzangokhala wa nyumba za anthu. Mabungwewo akamalipira amadula withholding tax, ndiye muzitenga satifiketi yake ndi kuisunga, imakuthandizani powerengera msonkho. Malisiti a katundu, makamaka wolowa pa Dedza kapena Songwe, asungidwe. Ndipo ngati ntchito ikufuna kukoka mzere watsopano wa 230V kuchokera pa DB (bokosi logawa magetsi m'nyumba), imeneyo ndi ntchito ya munthu wa chilolezo cha MERA. Ngati mulibe, itanani amene ali nacho.

Likuni_Sparks
Ndibwerere ku mphenzi popeza yatchulidwa. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi pamene mapanelo amapsa. Moto wa mphenzi umalowera njira ziwiri: pa thiransifoma, ndi pa mawaya aatali opita ku ma beam ndi ku geti. Pa soketi ikani surge protector yeniyeni. Bokosi la panelo lilumikizidwe ku earth, ndipo yezani ngati earth ya nyumbayo ilipodi, chifukwa nyumba zambiri waya wobiriwira amangothera m'khoma. Mazoni akunja adutse pa relay kapena pa lightning protector ya zoni, kuti chikapsa chipse chotchipa. Mawaya a pansi pa nthaka alowe mu conduit yomatidwa bwino, opanda cholumikiza pakati. Ngati pali mpanda wa magetsi, waya wa moto waukulu (HT) wochokera ku energizer, makina opereka moto ku mpandawo, asayende limodzi ndi wa alamu, chifukwa kugunda kwake kwa sekondi iliyonse kumalowa mu waya wa kiyipadi n'kuisokoneza. Zikhomo za earth za mpanda zikhale zakezake.

Nalimata_LL
Apa ndiye wireless yapambananso. Palibe waya wautali wokokera mphenzi.

MdalaWaMawaya
Pamenepo pokha ndakuvomerani.

Mayi_Solar47
Palibe amene wanena za simukhadi, chonsecho ndi imene imapha ma alamu mwakachetechete. Sayirini imalira koma uthenga supita chifukwa mayunitsi anatha kapena bandulo inatha nthawi, ndipo palibe akudziwa mpaka tsiku la ngozi. Simukhadi ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini nyumba, osati chanu, kuti ikatsekedwa athe kuibwezeretsa yekha, komanso mukasiyana asakhale m'manja mwanu. Chotsani PIN musanailowetse. Yesani TNM ndi Airtel pamalo penipeni pamene pali panelo, osati pa geti, musankhe yamphamvu, ndipo ngati chipangizo chimalola masimu awiri ikani onse. Mlongoti wa chipangizo cha GSM utuluke kunja kwa bokosi lachitsulo. Konzani kuti panelo izitumiza uthenga woyesera tsiku lililonse kapena sabata iliyonse pa ola lodziwika, ndipo muuze kasitomala kuti tsiku limene uthengawo sunabwere akuimbireni. Amene akudalira WiFi ya m'nyumba akumbuke kuti rauta imazima limodzi ndi magetsi ngati ilibe batire lake.

DiriloNdiMakwerero
Chinanso ndi tsiku lopereka ntchito. Ambiri amangophunzitsa bambo wa nyumba, chonsecho amene amatsegula chitseko 5 koloko m'mawa ndi wantchito kapena mwana wa sukulu. Itanani onse. Aliyense ayatse ndi kuzimitsa yekha kawiri inu mukuona. Afotokozereni kusiyana kwa kuyatsa pochoka ndi kuyatsa pogona, pamene masensa a m'zipinda ndi njira ya kubafa amakhala ozima koma zitseko ndi panja zili tcheru. Nthawi yotulukira ikani masekondi 45 mpaka 60, yolowera 30, kutengera mtunda wa chitseko ndi kiyipadi. Sayirini izidula yokha pakatha mphindi 3 kapena 4, kuopa kutha batire ndi kudana ndi oyandikana nawo. Batani la panic likhale pa zoni ya maola 24, limodzi kuchipinda chogona, lina kukhitchini, pamalo pamene mwana wamng'ono safikira. Mndandanda wa mazoni ulembedwe m'mawu amene a m'nyumbamo amagwiritsa ntchito, monga khomo la kukhitchini, pabalaza, kuseri kwa thanki, ndipo umatidwe pafupi ndi kiyipadi. Kasitomala akaimba n'kunena kuti yalira ndi zoni 5, theka la mavuto mumathetsa pa foni.

MdalaWaMawaya
Pali nkhani ina yolemera kuposa zonse tanenazi. Woika alamu amalowa mpaka kuchipinda chogona cha eni ake. Amadziwa pamene pali panelo, zenera lofooka, ndi nthawi imene nyumba imakhala yopanda munthu. Nyumba imeneyo ikathyoledwa, woyamba kuganiziridwa ndi inu ndi anyamata anu. Choncho musatole aganyu pamsewu tsiku la ntchito. Aliyense wolowa nanu m'nyumba mukhale ndi kope ya chiphaso chake, mudziwe kwawo, ndipo ngati n'kotheka akhale ndi kalata ya ku polisi. Asajambule zithunzi za m'nyumba pa foni yake. Inunso musaike pa Facebook chithunzi choonetsa geti kapena nambala ya nyumba pofuna kutsatsa malonda.

Khodi ya fakitale, ya installer (ya woika alamu) ndi ya master (ya mwini nyumba), isinthidwe tsiku lomwelo, chifukwa 1234 aliyense amaidziwa. Khodi ya master aike mwini nyumba yekha inu mutatembenuka, ndipo pa pepala lopereka ntchito palembedwe kuti simukuidziwa. Munthu aliyense wa m'nyumba akhale ndi khodi yake, kuti wantchito akachoka mungofufuta yakeyo, komanso panelo imasunga mbiri ya amene anazimitsa ndi nthawi yake. Pa mapulogalamu a pa foni, mukamaliza dzichotseni nokha pa akaunti, kapena mutsale ndi chilolezo chokonza chokha chimene mwini wake akudziwa. Mapulani a nyumba za makasitomala asakhale mu galimoto kapena pa foni yopanda loko.

Kanengo_Tech
Pa khodi ya installer pali mkangano. Ena amaitsekera kuti kasitomala asapite kwa wina.

MdalaWaMawaya
Panelo ndi ya amene anaigula. Akamaliza kulipira, khodiyo ilembedwe, iikidwe mu envelopu yomata, apatsidwe. Pa mgwirizano mulembe kuti envelopuyo ikatsegulidwa chitsimikizo cha ntchito yanu chatha. Kumanga munthu ndi khodi kumangobweretsa mbiri yoipa, ndipo Lilongwe ndi waung'ono.

Magetsi_25
Ndamva. Funso lomaliza: mu galimoto muzikhala chiyani nthawi zonse kuti ulendo umodzi uzikwana?

Likuni_Sparks
Mabatire awiri a 7Ah odzadza, thiransifoma imodzi ya 16V, PIR ziwiri, maginito anayi, sayirini imodzi, ma fuse, ma resistor a mitundu itatu ija, theka la roll ya 6-core, silicone, mita, ndi babu la galimoto la 12V 21W loyesera batire. Lumikizani babulo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mukuyang'ana mita. Batire likatsika pansi pa 12V msangamsanga, lisintheni. Batire lililonse limene mwaika mulilembe deti ndi maka pamwamba. Amene ali m'sitoko muziwatchaja pakapita miyezi itatu, chifukwa amatsika okha ngakhale ali m'katoni.

Chitedze12V
Ndipo akufawo musataye kudzala, muli mtovu ndi asidi. Asonkhanitseni, ogula zitsulo zakale amawatenga pa kilo.

KamwanaKaKawale
A Likuni_Sparks, babu la 21W lo ndi la indiketa lija kapena la buleki?

Likuni_Sparks
La indiketa, la waya umodzi m'kati. La buleki lili ndi ziwiri, 21W ndi 5W, mukhoza kulumikiza yolakwika n'kuganiza kuti batire lili bwino. Wotchererani mawaya awiri okhala ndi timano kumapeto, ndipo muligwire ndi kansalu chifukwa limatentha.